Sukulu ya Ovina ya ku Dakar ndi Inzake ya pa Mchenga

Mwa ntchito zonse zimene ana a anthu amadyera thukuta lawo pansi pano, palibe ina imene imapeputsidwa msanga ngati ntchito ya wovina. Pakuti munthu akaona mnyamata akuuluka m'bwalo, kapena namwali akudula chiuno molingana ndi kulira kwa ng'oma, amangoti ameneyu adabadwa nazo, osalingalira za masiku ochuluka amene mapazi amenewo adapunthwa, nadzudzulidwa, nabwerezanso, kufikira atamvera. Atsamunda amene adalamulira mayiko a Africa adalikonda bodza limeneli nalikulitsa, nati munthu wakuda savutikira gule popeza gule ali m'magazi mwake. Koma ife eni ake, amene tidziwa kuti kudambwe ndi kutsimba kuli aphungu ndi anamkungwi osalekerera phazi lolakwa, sitingavomere mawu otere. Gule amaphunziridwa, ndipo wofuna kupeka gule watsopano ayenera kuphunzira koposa. Funso limene lidasautsa anthu oganiza, mayiko a Africa atangolandira ufulu, lidali lakuti: mnyamata kapena mtsikana wofuna kuti kuvina kukhale ntchito ya moyo wake adzapita kuti kukasulidwa? Yankho limodzi lidaperekedwa mumzinda wa Dakar, m'dziko la Senegal, m'chaka cha 1977, ndipo mbiri ya yankho limenelo ndiyo ndifuna kuilongosola pano.

Tiyambe ndi chimene chidalipo kale. M'chaka cha 1952 a Fodéba Keïta, mlakatuli wa ku Guinea, adasonkhanitsa ovina ndi oimba mumzinda wa Paris, napanga gulu lotchedwa Les Ballets Africains, limene lidayenda m'mayiko ambiri, ndipo Guinea italandira ufulu mu 1958 gululo lidasanduka la boma. Senegal nayo idakhazikitsa gulu lake mu 1961, ndipo mayiko ena adatsata. Magulu amenewa adatenga magule a kumidzi, a maliro, a chinamwali ndi a masika, nawafupikitsa, nawatembenuza kuti ayang'ane anthu okhala pamipando. Ndipo sitingakane kuti adakweza nkhope ya Africa pamaso pa mitundu imene idazolowera kuinyoza. Koma wachinyamata wolowa m'gulu lotere ankaphunzira mongotsanzira akulu, nakhala msungi wa zimene adazipeza, wopanda womuphunzitsa kufunsa chifukwa chimene mkono ukwerera pano osati apo, kapena kumulimbitsa mtima kuti aluke gule wonena za masiku ake. Komanso moyo wa magulu amenewa udali m'dzanja la olamula: a Fodéba Keïta eni ake, atakwezedwa kukhala nduna m'boma la a Sékou Touré, adamangidwa ndi boma lomwelo naphedwa m'chaka cha 1969.

Mtsogoleri woyamba wa Senegal, a Léopold Sédar Senghor, adali mlakatuli asanakhale wolamula, ndipo adakhulupirira ndi mtima wonse kuti mtundu wa anthu umaima pa luso lake monga momwe umaimira pa chuma chake. Mu April 1966 adaitanira ku Dakar aluso akuda a mbali zonse za dziko lapansi ku chikondwerero chachikulu, kumene kudafika a Duke Ellington ndi oimba awo, ndiponso gulu la ovina la a Alvin Ailey, pamene Mayi Katherine Dunham, katswiri wa magule wa ku America, adali mlangizi wa mtsogoleriyo pa zokonzekera. Chifukwa cha chikondwererocho padamangidwa, m'mphepete mwa nyanja, nyumba yoonetseramo zaluso yotchedwa Musée Dynamique. Chiphunzitso cha a Senghor chidali cha mbali ziwiri zosalekanitsika: kuti munthu azike mizu m'nthaka ya makolo ake, ndipo atazika atsegule khomo kuti alandire zabwino za mitundu ina. Chimene adasowa chidali munthu wotha kuchisandutsa chiphunzitsochi kukhala maphunziro a thupi.

Munthuyo adampeza mwa a Maurice Béjart, wopeka magule wotchuka wa ku France, amene adabadwira ku Marseille mu 1927. Ku Senegal sadali mlendo kwenikweni, pakuti atate awo, a Gaston Berger, munthu wa nzeru zakuya amene yunivesite ya ku Saint-Louis imatchedwa ndi dzina lawo lero, adabadwira mumzinda womwewo ndipo adali ndi magazi a Chisenegal. Mu 1970 a Béjart adali atatsegula ku Brussels sukulu yotchedwa Mudra, imene idasiyana ndi sukulu zakale za ballet pakuti wophunzira sankasulidwa miyendo yokha, koma ankaphunziranso kuimba, kusewera zisudzo ndi kumva kugunda kwa nyimbo, kuti atuluke ali munthu wathunthu wa pabwalo. A Senghor ndi a Béjart adapangana kuti mlongo wake wa sukuluyo abadwe ku Africa; bungwe la UNESCO ndi bungwe la Calouste Gulbenkian adathandiza ndi ndalama, boma la Senegal lidapereka nyumba ija ya Musée Dynamique, ndipo mu 1977 Mudra Afrique idatsegula zitseko zake.

Koma wakulera mwanayo sadali mtsogoleri wa dziko kapena mlendo wa ku Brussels. Adali Mayi Germaine Acogny, amene pa nthawiyo adali ndi zaka 33. Iwo adabadwira ku Allada, m'dziko limene lero litchedwa Benin, mu 1944, nabwera ku Senegal ali mwana. Agogo awo aakazi, a Aloopho, adali wansembe wa chipembedzo cha Ayoruba, ndipo ngakhale mdzukuluyo sadawaone ndi maso, adakula akumva kuti cholowa chawo chili pa iye. Kuyambira 1962 mpaka 1965 adaphunzira ku Paris za kulimbitsa thupi ndi mavinidwe, ndipo atabwerera adaphunzitsa atsikana a sekondale ku Dakar, natsegula mu 1968 malo awoawo ophunzitsira gule. Pamodzi ndi mfumu ya ang'oma, a Doudou Ndiaye Rose, adaphunzitsa atsikana a sukulu kuguba pa tsiku la ufulu ndi mayendedwe a kwawo, motsogozedwa ndi ng'oma za sabar, kotero kuti a Senghor, pofuna munthu woti ampereke kwa a Béjart, sadafunefune kutali.

Apa ndiyenera kuchedwapo, chifukwa zimene zinkachitika m'nyumba imeneyo tsiku ndi tsiku ndizo mtima wa nkhani yonse. Ophunzira adasankhidwa kuchokera m'mayiko osiyanasiyana a Africa, anyamata ndi atsikana amene ambiri a iwo adali asanagwirepo mtengo wotsamira wa ballet, nakhala pamodzi zaka zitatu. Ankaphunzira ballet, ndi mavinidwe atsopano a ku America, ndi magule a Africa. Ankaphunzira ng'oma kwa a Doudou Ndiaye Rose, kuimba kwa a Julien Jouga, wotsogolera makwaya wodziwika m'Senegal monse, ndiponso zisudzo. Padali anthu amene adang'ung'udza poona ana a Africa akuongola mawondo ndi kusongola zala za kumapazi monga achitira ku Ulaya, nati uku ndiko kubweza utsamunda polowera kukhomo la kuseri. Ndipo dandaulo lawo silidali lopanda pake, pakuti thupi la mwana lidzakumbukira chimene lidauzidwa kuti ndicho chokongola, ndipo sukulu yosasamala ingathe kuphunzitsa munthu kuchita manyazi ndi kayendedwe ka amake. Chimene chidapulumutsa Mudra Afrique ku ngozi imeneyi ndi chakuti Mayi Acogny sadalole kuti gule wa Africa akhale phunziro lopumulirako ana atatopa ndi zolimba. Adamsandutsa phunziro lolimba kuposa ena, lokhala ndi malamulo ake, mayina ake ndi makwerero ake.

Iwo adaona kuti pansi pa magule ambirimbiri a kumadzulo kwa Africa, amene adawasanthula kuchokera ku Senegal ndi ku Benin makamaka, pali gwero limodzi, ndilo fupa la msana. Kuti kuweyula kwa msana, kukhwinyata kwa chifuwa ndi mimba, ndi kunjenjemera kumene kumayambira m'kati kufikira m'mapewa, ndizo zimabala zonse zimene maso amaona m'manja ndi m'miyendo. Ndipo kuti mapazi opanda nsapato, opondadi pansi, ndiwo amapatsa msanawo ufulu. Pa maziko amenewa adamanga mndandanda wa mayendedwe, ambiri a iwo nawatcha mayina a zolengedwa zimene mwana aliyense wa Africa amazidziwa, monga mlambe, mtengo wa usufu ndi kakombo wa padziwe, kuti wophunzira agwire chithunzicho m'mutu ndipo thupi litsate. Mu 1980 adasindikiza buku la njira imeneyi m'zilankhulo zitatu, Chifalansa, Chijeremani ndi Chingerezi. Kufunika kwa ntchitoyi nkwakukulu, pakuti gule amene ali ndi njira yolongosoka yophunzitsira angathe kuperekedwa kwa munthu wa fuko lina popanda kuba mwambo wa eni ake, ndipo wophunzirayo angathe kuluka nayo zake zatsopano, osakhala wobwereza chabe.

Zonsezi zidakhala zaka zisanu zokha. Kumapeto kwa December 1980 a Senghor adatula pansi udindo mwa kufuna kwawo, chinthu chosowa pakati pa olamula a nthawi imeneyo, ndipo m'malo mwawo mudalowa a Abdou Diouf, amene adalandira dziko lofooka ndi chilala, ndi kutsika kwa mtengo wa mtedza, ndi ngongole. Senegal idali pakati pa mayiko oyamba a Africa kulandira malamulo a IMF ndi Banki ya Dziko Lonse ochepetsa ndalama zimene boma limawononga, ndipo pamene mpeni wodulira ufika, zaluso ndizo zimayamba kudulidwa. Mu 1982 Mudra Afrique idatsekedwa, ophunzira adabalalika, ndipo m'zaka zotsatira nyumba ija idaperekedwa kwa oweruza kuti ikhale bwalo lalikulu la milandu. Sindifuna kunyoza a Senghor, amene adachitira ovina zimene mtsogoleri wina aliyense wa nthawi yawo sadachite. Koma sukuluyo idatsamira pa chikondi cha munthu mmodzi ndi pa thumba la alendo, ndipo makolo adanena kale kuti nsalu yobwereka sithetsa usiwa. Nthenda yomweyo idagwira ndi mkulu wake wa ku Brussels, pakuti a Béjart atasamukira ku Lausanne mu 1987, Mudra ya ku Brussels idatsekedwa chaka chotsatira, ndipo padapita zaka zisanu ndi ziwiri kufikira mmodzi wa ophunzira ake, Mayi Anne Teresa De Keersmaeker, adatsegula sukulu ya P.A.R.T.S. mu 1995 kuti atseke mpatawo.

Komatu amene adaphunzira ku Dakar sadaiwale. Mayi Irène Tassembédo a ku Burkina Faso, amene adali m'gulu loyamba, adavina ndi kupeka magule ku Ulaya zaka zambiri, ndipo potsiriza adabwerera ku Ouagadougou natsegula sukulu yawo ya ovina mu 2009. Mayi Acogny nawo adapita ku Brussels, naphunzitsa azungu gule wa Africa, ndipo kumeneko ku Ulaya adakumana ndi a Helmut Vogt a ku Germany, amene adakhala amuna awo ndi mnzawo wa pantchito. Mu 1985 awiriwa adatsegula malo ophunzitsira ku Toulouse, ndipo ankatenga ophunzira kupita nawo kumudzi wa Fanghoumé, m'dera la Casamance kummwera kwa Senegal, kuti akavine ndi eni mudzi. Zidali zaka za ulendo wa m'chipululu, ndipo amene adaziona kunja akadati loto la ku Dakar lidafa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1995 adabwerera ku Senegal, nasankha mudzi wa asodzi wa Toubab Dialaw, pafupifupi makilomita 50 kummwera kwa Dakar, pamalo a miyala ndi mchenga oyang'ana kunyanja.  Mu 1998, nyumba zisanathe, adaitana ovina a m'mayiko a Africa ku maphunziro oyamba a miyezi itatu. Ndipo mu 2004 sukuluyo, yotchedwa École des Sables, idatsegulidwa mwamwambo. Bwalo lake lalikulu, limene lidapatsidwa dzina la agogo aja a Aloopho, lili ndi denga lansalu koma lilibe makoma, ndipo pansi pake ndi mchenga. Amene adavinapo amadziwa kuti mchenga subweza mphamvu ya phazi monga thabwa libwezera, kotero kuti mwendo umalimba ndipo wovina amaphunzira kufunafuna poimira pake m'kati mwa thupi lake lomwe. Sukulu yachiwiriyi idasiyana ndi yoyamba m'zinthu zazikulu. Sidali ya boma, ndipo palibe kusintha kwa mtsogoleri kumene kukadaitseka tsiku limodzi. Idalunjika makamaka kwa achinyamata amene adayamba kale ntchito ya kuvina kwawo, m'timagulu ta m'mizinda ndi m'misewu, amene sakadatha kusiya mabanja awo zaka zitatu koma akadatha miyezi itatu, nabweranso chaka china. Ndipo wophunzira aliyense amafunsidwa kuphunzitsa anzake gule wa kwawo, kotero kuti wa ku Congo aphunzira kwa wa ku Mali, wa ku Mozambique kwa wa ku Togo, ndipo asanafike pa kupeka zatsopano amayamba waima pa zake.

Phunziro la kupeka gule ndilo lovuta kuposa onse, chifukwa mphunzitsi sangapatse wophunzira chonena. Angathe kungomuonetsa mmene ena adachitira, namufunsa mafunso, namusiya alakwe. Nchifukwa chake Mayi Acogny adaitana opeka magule a miyambo ina kuti adzagwire ntchito ndi ana awo, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mayi Susanne Linke a ku Germany adapeka ndi anyamata a maphunziro oyamba aja gule wotchedwa Le coq est mort mu 1999, ndipo apa ndi pamene gulu la ovina la sukuluyi, lotchedwa Jant-Bi, lidayambira kuyenda m'mayiko. Mu 2004 Mayi Acogny ndi a Kota Yamazaki a ku Japan adapeka Fagaala, gule wa amuna asanu ndi awiri wokumbukira kuphedwa kwa Atutsi ku Rwanda mu 1994, wochokera pa buku la a Boubacar Boris Diop, ndipo mu 2007 adalandira naye mphoto ya Bessie ku New York. Pamenepo padaoneka poyera kuti mavinidwe ozikika m'midzi ya Africa angathe kusenza nkhani yolemera koposa ya masiku athu, osati ya chisangalalo chokha.

Pali chinthu chimodzi chimene sindingachibise, chifukwa chimakhudza wachinyamata aliyense wolowa ntchitoyi. Kuyambira 1995 boma la France lidayambitsa mipikisano ya opeka magule a Africa, poyamba ku Luanda, kenaka ku Antananarivo ndi kwina, ndipo Mayi Acogny eni ake adaitsogolera kuyambira 1997 mpaka 2000. Mipikisanoyo idatsegulira ambiri njira, koma idabweretsanso yesero, pakuti wopambana ankalandira ulendo wokavina ku Ulaya, ndipo mnyamata wanjala sachedwa kuphunzira chimene chimakondweretsa oweruza akutali, naiwala anthu a pakhomo pake. Sukulu yabwino ya ovina iyenera kuyesedwa ndi muyeso uwu: kodi ana ake akatuluka ali ndi chonena kwa anthu a kwawo, ndipo kodi amabwerera kukaphunzitsa ena? Pa muyeso umenewu École des Sables idachita bwino, ndipo siili yokha: a Salia Sanou ndi a Seydou Boro adatsegula La Termitière ku Ouagadougou mu 2006, a Faustin Linyekula adasamutsira Studios Kabako ku Kisangani, ndipo kuno kummwera, Moving into Dance, imene Mayi Sylvia Glasser adaiyamba ku Johannesburg mu 1978, tsankho lili pachimake, idasula a Vincent Mantsoe ndi a Gregory Maqoma.

M'chaka cha 2020 ovina 38 ochokera m'mayiko 14 a Africa adasonkhana ku Toubab Dialaw kuphunzira The Rite of Spring, gule amene Mayi Pina Bausch adapeka mu 1975 pa nyimbo ya a Igor Stravinsky, ndipo amene amavinidwa pa dothi lothiridwa pansanja. Atatsala masiku owerengeka kuti akaonetse ku Dakar, mliri wa Covid-19 udatseka mabwalo onse. Ndipo asanabalalike adavina guleyo kamodzi pamchenga wa kunyanja, najambulidwa pa kanema. Mu September 2021 adamuonetsa koyamba ku Madrid, nayenda naye m'mizinda yambiri, ndipo chaka chomwecho Mayi Acogny, ali ndi zaka 77, adalandira ku Venice mphoto ya Mkango wa Golide chifukwa cha ntchito ya moyo wawo wonse. Pa nthawiyo nkuti atapereka kale utsogoleri wa maphunziro kwa ana awo a m'luso, Mayi Alesandra Seutin ndi a Wesley Ruzibiza, chimene sukulu yoyamba ija sidapatsidwe nthawi yochita.

Komabe mtendere wa sukuluyi si wathunthu. Imadalirabe kwambiri thandizo la mabungwe a kunja, ndipo thandizo lotere limabwera ndi kupita monga afunira eni ake. Kuwonjezera apo, mu January 2022 mtsogoleri wa Senegal wa nthawiyo, a Macky Sall, adaika mwala wa maziko a doko lalikulu la Ndayane, limene kampani ya DP World ikumanga pafupi pomwepo, ndipo Mayi Acogny pamodzi ndi anthu a m'deralo adadandaula poyera kuti bata ndi gombe zimene sukuluyo idamangidwira zili pangozi. Senegal ili nawo ufulu womanga madoko ake, koma ili nawonso udindo wosalola kuti zimene zidachitika mu 1982 zichitike kachiwiri. Ndipo maboma ena onse a Africa, amene ana awo akhala akusulidwa pamchenga umenewo kuyambira 1998, ndiwapempha kuti aleke kusiyira alendo katundu amene ali wawo: unduna uliwonse woona za chikhalidwe ulipire ulendo ndi maphunziro a wovina wachinyamata ngakhale mmodzi chaka chilichonse, ndipo akabwerako umpatse bwalo ndi ana oti awaphunzitse.